Kopita ndi mwana wa zaka ziwiri ku London: Young V&A, Science Museum kapena malo olipira aja?

Amayi anzanga a kutchalitchi mwakhala mukundifunsa kumene ndimapita ndi mwana Loweruka, makamaka kukazizira moti kupaki sikukhalika. Ndikuyankheni nonse pamodzi.

Kumene sindidzapondakonso ndi kumalo olipira aja a timipira ndi matiresi, monga ena ali kufupi ndi kwathu. Pakhomo analemba mtengo wa mwana, ndinaona kuti ndikwanitsa. Nditafika pakauntala anati wamkulunso alipire, chonsecho ine ndikukangokhala pampando. Kenako anati masokosi a mwana si oyenera, ndigule awo okhala ndi timphira kunsi. Chakudya chakunyumba saloleza, moti phala langa linabwerera m'flasiki momwemo.

Koma chimene chinandiwawa kwenikweni ndi nthawi. Mukudziwa mmene mwana wa zaka ziwiri amachitira akafika pachilendo: amayamba wakakamira siketi ya mayi ake, kuopa phokoso ndi ana akuluakulu othamanga. Wanga anaima choncho nthawi yaitali, chala chili m'kamwa, akungoyang'ana. Atangolimba mtima n'kukwera yekha potsetsereka, anatiuza kuti nthawi yathu yatha, tipereke malo kwa ena. Analira njira yonse. Ndalama yomwe timaipeza titaimirira usiku wonse kuntchito si yogulira misozi ya mwana.

Young V&A ya ku Bethnal Green, nyumba ya ana yoonetsera zidole ndi zinthu zakale, ndiye kwathu. Kale inkatchedwa Museum of Childhood, ndipo anaitsegulanso mu 2023 ataikonzera ana mwadala. Mu 2024 inapata mphoto ya Art Fund Museum of the Year. Kulowa n'kwaulere, kupatula zionetsero zapadera. Ili ndi zigawo zitatu, Play, Imagine ndi Design, koma ife timathera mu Play. Zidole zakale zili m'magalasi otsika, zosanjidwa potsata mitundu, moti mwana amaziona yekha osamunyamula, n'kumaloza chofiira uku akuitana mayi ake. Palibe amene amakuwerengerani mphindi. Akatopa mumatuluka, ndipo mtima suwawa chifukwa simunalipire kanthu. Kunja kukawala, paki ya Museum Gardens ili pambali pomwepo, mukhoza kukadyera kumeneko zomwe mwatenga.

Science Museum ya ku South Kensington nayonso ndi yaulere, kungoti muzitengeratu tikiti pa intaneti. Chipinda cha ana aang'ono, The Garden, chili pansi penipeni ndipo anakonzera a zaka 3 mpaka 6. Kuli ngalande zamadzi zoseweretsa timaboti, ndipo amapereka maepuloni, komabe tengani zovala zosinthira chifukwa manja a juzi sapulumuka. Malo odyera chakudya chanu aliponso. Mbali ina yotchedwa Wonderlab ndi yolipira ndipo ndi ya ana okulirapo, musavutike nayo panopa. Nyumbayi ndi yaikulu kwambiri, timiyendo ta mwana wa zaka ziwiri timatopa musanafike pakati. Imakoma mukakhala ndi achimwene ake kapena achemwali ake a kupulayimale, aliyense amapezako chake.

Za mayendedwe, masiteshoni onse awiri a sitima yapansi panthaka, Bethnal Green ndi South Kensington, ali ndi masitepe okwera ndi miyendo. Ngati muli nokha, siyani ngolo ya mwana kunyumba, mum'bereke ndi chitenje, apo ayi kwerani basi. Mwana wosakwana zaka 11 salipira pasitima kapena pabasi akakhala ndi wamkulu.

Ndiye ngati wanu sanakwanitse zaka zitatu, pitani ku Bethnal Green, m'mawa akangotsegula, ndipo mupewe sabata yomwe sukulu zili patchuthi. Ku South Kensington mudzapite akadzakulako, kapena tsiku limene bambo ake ali pa ofu kuti mukathandizane.