Merlin sizoni 1 mpaka 5 pa DVD: ndamaliza yonse koma andisiya ndi ngongole

Ndikuchenjezeni kaye, ngati Merlin simunaionere mpaka kumapeto ndipo simufuna kuuzidwiratu lekerani pompa, chifukwa ine sindingakambe za filimu imeneyi osatchula episode yomaliza, dandaulo langa lonse lagona pamenepo.

Bokosi la ma DVD anandigulira achemwali anga omwe amakhala ku UK, ndinawapempha kalekale iwo nkumangoti ndaiwala ndaiwala, mpaka anadzapatsira munthu wina amene amabwera kumudzi kuno. Muli ma sizoni onse asanu, ma episode 65, sizoni iliyonse 13, episode imodzi imatenga mphindi pafupifupi 45. Ndakhala nayo miyezi iwiri ndi theka, kuonera usiku ndikaweruka, tsiku lina awiri tsiku lina atatu, magetsi akathima basi kukagona ndi mtima uli m'mwamba. Ma disk enieniwo ndilibe nawo mlandu, chithunzi ndi choyera, mawu akumveka bwino, ma subtitle achingerezi alipo ndipo amathandiza kwambiri chifukwa azungu a ku Britain aja akayamba kuthamangitsa chizungu umangomva ngati wailesi yasowa siteshoni. Chokhacho muzidziwa, ma DVD a ku UK ndi a region 2 pomwe ife kuno tili region 5, nde pali ma player ena amakana. Yanga ndi ija yotchipa yosasankha, imadya chilichonse, koma nditayesa pa laputopu inayamba kundifunsa zosintha region ine nkungoisiya.

Merlin ndinaidziwira mu video show kalekale, ija yokhala ndi munthu wofotokoza m'Chichewa pamwamba, kumaikamo nthabwala zake, anthu nkumaseka ngakhale pamalo pamaliro. Vuto lake sitinkaonera motsatana, lero sizoni 2 mawa sizoni 4, munthu amene dzulo anali wabwino lero ukumupeza atavala zakuda akufuna kupha aliyense iwe osadziwa kuti chachitika nchani. Ndiye ulendo uno ndi woyamba kuiona mwandondomeko kuchokera pa "The Dragon's Call" mpaka pa "The Diamond of the Day", ndipo ndikuuzeni, ndi filimu ina ukaiona chonchi.

Kwa osaidziwa, iyi ndi ya BBC One, inayamba 2008 nkutha pa 24 December 2012. Tangoganizani, mawa lake Khirisimasi, anthu akonza nkhuku, iwo nkuwaonetsa mfumu ikumwalira. Nkhani yake mnyamata Merlin, amasewera Colin Morgan, achoka kumudzi kwawo ku Ealdor, mayi ake Hunith amutumiza kwa Gaius amene ndi dokotala wa kunyumba ya mfumu ku Camelot. Mwanayu anabadwa ndi matsenga, koma akungolowa mumzinda chinthu choyamba kuona ndi munthu akudulidwa mutu chifukwa cha matsenga omwewo, pakuti mfumu Uther inaletsa ndipo chilango chake ndi imfa. Pansi pa nyumba yachifumu pali chinjoka chomangidwa unyolo, mawu ake ndi a John Hurt malemu uja, chimuuza Merlin kuti ntchito yake padziko ndi kuteteza Arthur mwana wa mfumu mpaka adzagwirizanitse dziko la Albion. Episode yoyamba yomweyo Merlin apulumutsa Arthur ku mpeni, nde mphotho imene Uther amupatsa ndi yoti akhale wantchito wa Arthur kkkk. Kupulumutsa mwana wa bwana, malipiro ake kupukuta nsapato ndi kukolopa khola la akavalo. Apa pokha ndinadziwa kuti olembawa amadziwa mmene mabwana amathokozera.

Chimene chimaigwira filimuyi ndi awiriwa, Merlin ndi Arthur amene amasewera Bradley James. Kunyozana kwawo kuli ngati kwa asuweni, wina kutukwana wina kubweza, koma zikavuta aliyense ali okonzeka kufera mnzake. Mu sizoni 1 episode 4, "The Poisoned Chalice", Merlin amwa chikho cha poizoni chimene amayenera kumwa Arthur, Arthur nkukana lamulo la bambo ake kupita kukafuna duwa la mankhwala chifukwa cha wantchito chabe. Kuyambira pamenepo umadziwa kuti wakodwa, uionera mpaka itathe.

Koma munthu amene ndakhala ndikumuganizira kwambiri ndi Uther, Anthony Head anamusewera mpaka umamuda zenizeni. Bambo ameneyu anapha anthu osawerengeka, ana omwe, ati amatsenga ndi oipa. Kenako umadzamva kuti iye mwini ndi amene anapita kwa mkazi wamatsenga Nimueh kukapempha matsenga kuti mkazi wake Ygraine amene sankabereka akhale ndi mwana. Mwana anabadwa, Arthur yemweyu, koma lamulo la matsengawo ndi loti moyo umalipidwa ndi moyo, mayi nkumwalira. M'malo movomera kuti ndalakwa ndine, bambo anatembenukira aliyense wamatsenga. Inu simunawaonepo anthu otere? Usiku ali pakhomo pa sing'anga, kukacha ndi iwo akutsogolera kuloza chala gogo wa m'mudzi kuti ndi mfiti. Ine episode ya "The Sins of the Father" mu sizoni 2 ndinaibwereza kawiri, pamene mkazi wina wamatsenga, Morgause, amuonetsa Arthur mzimu wa mayi ake, Arthur nkubwerera ndi lupanga kufuna kupha bambo ake, ndipo amene amuletsa ndi Merlin, pomunamiza kuti zonse zija linali bodza la Morgause. Munthu wamatsenga kupulumutsa mfumu yopha amatsenga, nkumusiya mnzake akudana ndi matsenga kuposa kale. Ndinazimitsa TV nkukhala kaye phee.

Zoseketsa ziliponso zambiri, musaope kuti ndi misozi yokhayokha. "Beauty and the Beast" ija ya magawo awiri Uther akwatira troll imene yadzisandutsa Lady Catrina, chinthu chodya zoola chogona pa ndowe, mfumu yalodzedwa ikuona ngati duwa, bwalo lonse likuyang'ana pansi. Ana a mlongo wanga anaseka mpaka wina kutsamwa ndi chimanga chokazinga. Ya "Goblin's Gold" nayonso, Gaius mkulu waulemu uja atalowedwa ndi goblin nkuyamba kunyambita golide ndi kumwa ku bala, Richard Wilson anaonetsa kuti ndi katswiri.

Tsopano zondinyansa. Choyamba, Arthur amakomoka nthawi yabwino kwambiri. Chilombo chikangofika iye wamenyedwa mutu wagona, Merlin maso asanduka agolide, walankhula chilankhulo chake chija, chilombo chafa, Arthur akudzuka nkumati ndachipha ndine. Kapena nthambi ya mtengo yangothyoka yokha nkugwera mdani. Kamodzi kawiri zimaseketsa koma ukamaonera ma episode atatu usiku umodzi umayamba kuwerenga, ndipo umafunsa kuti mfumu yanji yosadabwa kuti nthambi zimangothyoka wantchito wake akakhala pafupi, zaka zonsezi. Zilombo za pa kompyuta za sizoni 1 nazonso zina zimaoneka ngati za mu gemu, zinayamba kukhala bwino cha ku sizoni 4 pamene chithunzi chinada nkukhala ngati filimu yeniyeni. Koma nyumba yachifumu ija si ya pa kompyuta ayi, ndi yeniyeni, ili ku France dzina lake Pierrefonds, nchifukwa chake zapabwalo zimaoneka zolemera.

Chachiwiri ndi Morgana, mtsikana woleredwa ndi Uther, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa zimandiwawa. Katie McGrath mu sizoni 1 ndi 2 akusewera mtsikana wamtima wabwino kuposa onse mnyumba muja, ndi iye amene amamuyankha Uther pamaso, ndi iye anakwiya bambo ake a Gwen wantchito wake, Tom wosula zitsulo uja, ataphedwa popanda mlandu weniweni. Akuyamba kulota zinthu zimene zikudzachitikadi, akuopa, akudziwa kuti akadziwika afa. Apita kwa Gaius, Gaius akudziwa bwinobwino kuti ndi matsenga koma amangomupatsa mankhwala ogonetsa nkumuuza kuti ndi maloto chabe. Merlin naye akanangoti mlongo usaope nanenso ndili choncho, nkhani ikanatha, koma chinjoka chamuuza kuti ameneyo ndi mfiti usamuthandize. Mapeto ake mu "The Fires of Idirsholas" Merlin amumwetsa poizoni m'madzi, inde anali ndi chifukwa, mzinda wonse unali utagona tulo ta matsenga ndipo gwero lake linali Morgana, koma taonani nkhope ya mtsikanayo pamene akuzindikira kuti mnzake wamupha. Ndiye mukufuna abwerenso akuseka nanu? Anamupanga okha kukhala mdani. Chondikhumudwitsa nchoti kuyambira sizoni 3 olemba anangomusandutsa woipa wamba, kukumbatira Uther kenako nkutembenukira ku kamera kumwetulira mwachinyengo, episode iliyonse kumwetulira komweko, ngati akuopa kuti tiiwala. Ngakhale zitadziwika mu "The Crystal Cave" kuti ndi mwana wa Uther wobisidwa, nkhani yoti ikanamupatsa kulemera, iwo anangoigwiritsa ntchito kuti azifuna mpando basi.

Ndipo Merlin sanaphunzirepo kanthu. Mordred, kamnyamata kamatsenga, naye chimodzimodzi, chinjoka chati ameneyu adzapha Arthur, Merlin nkuyamba kumuona ngati mdani mwana asanalakwe chilichonse. Mu sizoni 5 Mordred ndi msilikali wokhulupirika, wapulumutsa Arthur, koma Merlin akumuyang'anabe ndi diso lofiira. Episode ya "The Disir" ndi pomwe ndinakalipira TV mokweza mpaka aneba anafunsa m'mawa. Arthur yekha akufunsa Merlin maganizo, tilole matsenga abwerere kuti Mordred achire kapena ayi, mwayi umene takhala tikuudikira ma sizoni asanu, Merlin ndi misozi m'maso nkuyankha kuti matsenga alibe malo mu Camelot, cholinga Mordred afe. Mordred osafa. Kenako Kara chibwenzi cha Mordred anyongedwa, mnyamata athawira kwa Morgana nkukaulula kuti Emrys, wamatsenga amene wakhala ukumusaka uja, ndi Merlin. Ulosi wonse wa chinjoka unakwaniritsidwa chifukwa choti Merlin ankauthawa. Mwina olemba anachita dala, ngati ndi choncho ndiwapatsa ulemu, koma zimapweteka kuonera.

Pakati apo pali zabwino zoti ndisaiwale. "The Last Dragonlord", Merlin apeza bambo ake Balinor nkuwataya mawa lake lomwe. Kumapeto kwa sizoni 3 pamene Arthur akhazika anthu wamba pa tebulo lozungulira nkuwapanga asilikali ake, Lancelot, Gwaine, Percival ndi Elyan, pomwe lamulo la bambo ake linkati ana a mabanja olemekezeka okha. Elyan amasewera Adetomiwa Edun wobadwira ku Nigeria, ndipo mlongo wake mufilimumu Gwen, Angel Coulby, kuchoka pa wantchito wa Morgana mpaka kuvala chisoti cha mfumukazi kumapeto kwa sizoni 4, mwana wamkazi wa mlongo wanga anaombera m'manja ngati ali pa chinkhoswe. Gwaine ndiye wanga, chidakwa chosaopa munthu, imfa yake mu episode yomaliza sinali yofunika nkomwe.

Nde tifike pa ngongole ija. Kuyambira episode 1 takhala tikulonjezedwa kuti tsiku lina Arthur adzadziwa, matsenga adzaloledwa, Merlin adzasiya kubisala, awiriwa adzalamulira limodzi dziko lamtendere. Ma episode 64 tikudikira. Arthur akudzauzidwa mu episode 65, atabayidwa kale ndi Mordred ku nkhondo ya ku Camlann, kachidutswa ka lupanga kakuyenda kupita ku mtima. Sindinama, episode imeneyo payokha ndi yabwino zedi, awiriwa ali m'tchire paulendo wopita ku Avalon kukafuna machiritso, Arthur poyamba akumuopa Merlin, kenako kukwiya kuti wandinamiza zaka zonsezi, kenako pang'onopang'ono kuzindikira kuti nthambi zija sizinkathyoka zokha, mpaka kunena zikomo amene sananenepo chiyambire. Ndinalira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Koma zimenezi zimafunika sizoni yathunthu, osati mphindi 45. Albion amene chinjoka chimatiimbira tsiku ndi tsiku sitinamuone, chikungobwera kumapeto nkumati zonse zatheka, zatheka kuti? Morgana wa ma sizoni asanu afa ndi kubaya kumodzi ngati nkhuku. Kenako lole ikudutsa pamsewu wa masiku ano, Merlin nkhalamba ya ndevu zoyera akuyenda yekha m'mbali mwa nyanja akudikirabe. Zili ngati munthu wakukongola ndalama, mwezi uliwonse mawa mawa, tsiku lobweza akubwera ndi nkhani yogwira mtima mpaka iwe kulira naye, koma ndalama osaoneka.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, imodzi ndawalanda chifukwa cha sizoni 5, makamaka ma episode aja Gwen walodzedwa ndi Morgana amene anangodya nthawi yomwe ikanapita kwa Arthur ndi Merlin. Kuonera ndi ana zimatheka, mulibe zolaula ndipo magazi saoneka kwenikweni, kungoti "The Darkest Hour" koyambirira kwa sizoni 4 kuli mizimu ija yolira usiku yotchedwa Dorocha, wamng'ono wathu anakana kupita yekha kubafa masiku atatu. Bokosi pano lili kwa aneba aja anandimva ndikukalipa, ali pa sizoni 2 ndipo akuti Morgana ndi mtsikana wabwino kwambiri, ine ndangoti eya pitirizani.