Nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za madala aja

Mapaipi a mabuleki a ngolo yanga ya boti anali atadyeka ndi dzimbiri, poti ngoloyi imalowa m'madzi nthawi iliyonse tikamatsitsa boti. Ndinabwera nayo pagalaja pano kuti asinthe onse, kuyambira pa silinda ya pachokokera mpaka kumawilo. Mtengo ndi womwe uja amatchaja aliyense, sindinanenerere n'komwe. Paipi anaika yabwino, ya kopa wosakaniza ndi nikelo, yonenepa 3/16 ya inchi, yosagwira dzimbiri. Pamenepo sindikudandaula.

Vuto ndi kamangidwe. Mnyamata amene anapatsidwa ntchitoyi anangoyendetsa paipi m'mbali mwa chitsulo n'kumanga ndi timalamba tapulasitiki. Pa ekiselo sanaikepo paipi ya labala, anangopitiriza yolimbayo mpaka pawilo. Chonsecho ekiselo imakwera ndi kutsika ndi masipuling'i, ndipo paipi yolimba ikamapindidwapindidwa choncho mapeto ake imathyoka.

Zinaonekera pa Khwekhwelere, tikutsetsereka kuchokera ku Masasa kulowera ku Golomoti, ulendo wa ku Monkey Bay. Amene munadutsapo mukuwadziwa makona ake. Mabuleki a ngolo zoterezi amagwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha chokokera, chokokeracho n'kupopa mafuta kupita kumawilo. Ine kuponda buleki pakona, ndinangomva kuti gu! kumbuyo, chokokera chagunda mpaka kumapeto, boti lonse likutikankha. Mayi a kunyumba anagwira dashibodi ndi manja onse, ana kumbuyo ali zii. Ndinatsika ndi giya yoyamba mpaka pansi, mabuleki a galimoto akununkha kupsa. Nditasuzumira kunsi, paipi inali itang'ambika pa nati ya kuwilo lakumanzere, mafuta atanyowetsa tayala, timalamba tina titadukaduka.

Nditabwerera nayo, a foromani sanadzuke ndi pampando pomwe. Akuti, "Bwana, mwina munagunditsa pamwala." Mwala wanji pa tala? Munthu ndikuwauza kuti m'galimoto munali ana, iwo maso ali pafoni. Mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa.

Amene anandibweza mtima ndi madala ena a imvi amene amagwirira kumapeto kwa shedi. Anamva mkanganowo, anabwera n'kugona pansi pa ngolo, atadzuka anangoti, "Achimwene, vuto ndi lathu ili. Isiyeni." Ndinakhala pomwepo kuonerera. Anadula paipi ina, milomo yake anaipinda kawiri ndi chida chake kuti nati igwire bwino, anaika paipi ya labala pakati pa chitsulo cha ngolo ndi ekiselo, n'kuisiyira mpata woti izisewera osakhudza sipuling'i. Paipi yonse anaimanga ndi makilipu achitsulo okhala ndi labala mkati, moyandikana, moti ungaigwedeze ndi dzanja siisuntha. Anathira mafuta atsopano a mabuleki a mtundu wa DOT 4, mnyamata uja akupopa chokokera, iwo akutulutsa mpweya wilo lililonse mpaka thovu litatha. Anandiuzanso kuti mafutawa amayamwa chinyezi, ndiye ndiziwasintha pakapita zaka ziwiri, makamaka ngolo yolowa m'nyanja.

Ya ntchito sanandilipiritse, koma a foromani anaumirira kuti paipi ya labala ndi mafuta ndilipire ndekha. Ndinalipira chifukwa cha ulemu wa madalawo.

Ndapita nayo ku Senga Bay, mabuleki akugwira bwinobwino. Mukabwera ndi ngolo pano funsani madala a kumapeto kwa shedi, ndipo musanapereke ndalama gwadani muone ngati pa ekiselo pali paipi ya labala.