Guluu wa Zap pomanga timasitima ta chitsanzo: wabwino, koma si wa ntchito iliyonse

Anthu amene amamanga timasitima ta pamtunda ta chitsanzo, kaya ta sikelo ya HO imene imachepetsa sitima yeniyeni ka 87, kaya ta OO imene imakondedwa ku Britain, amalimbana ndi tizigawo tating'ono kwambiri moti tina timasowa tikangogwera pansi. Pa ntchito yotere guluu wouma msanga wa mtundu wa cyanoacrylate, amene kampani ya Eastman Kodak inayamba kumugulitsa mu 1958 pa dzina lakuti Eastman 910, sasowa patebulo. Mwa mitundu imene imapezeka m'masitolo a zinthu zoterezi, wa Zap, wopangidwa ndi kampani ya Pacer Technology ya ku California, ndi mmodzi wa odziwika kwambiri.

Guluu wa Zap wodziwika kwambiri amabwera m'mabotolo atatu osiyana mtundu wa chikalata chake. Wa pinki ndi wamadzimadzi, wobiriwira wotchedwa Zap-A-Gap ndi wapakatikati, ndipo wachikasu wotchedwa Slo-Zap ndi wokhuthala komanso wochedwerako kuuma. Munthu amene ndalama zake zikukwanira botolo limodzi agule wobiriwira, chifukwa amakhala pamene mwamuika, amatseka timipata ting'onoting'ono, ndipo amakupatsani masekondi angapo oti muwongole kachigawo kasanagwiriretu. Pomata tizitsulo ta mkuwa, zigawo za resin (mtundu wa pulasitiki yolimba) kapena za white metal (chitsulo chofewa chotuwa) pa mutu wa sitima ndi pa mabogi, ameneyu amagwira ntchito yosadandaulitsa.

Wa pinki amafuna munthu wa dzanja lokhazikika. Zigawo ziwiri zoti mumate mumayamba mwazilumikiza zili zouma, kenako n'kukhudza mphepete mwa mpatawo ndi kadontho, ndipo guluuyo amadzilowera yekha mpaka m'kati. Vuto lake ndi lakuti amayenda mofulumira kuposa maso, ndipo akalowa m'magiya kapena pamene pamazungulira mawilo, injini yonse imaima. N'chifukwa chake si nzeru kuthira guluu aliyense wa mtunduwu kuchokera m'botolo mwachindunji. Dontho limodzi liziikidwa pa kachitsekerero ka botolo la zakumwa, n'kumatapa pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano kapena ya kawaya. Guluu wochepa amagwira kwambiri kuposa wambiri, popeza chimene chimamuumitsa ndi chinyezi chimene chili pa zinthu zomatidwazo ndi mu mpweya, ndipo dontho lalikulu limauma kunja kokha m'kati muli mofewa.

Kampaniyi imagulitsanso Zip Kicker, mankhwala amene amaumitsa guluuyu nthawi yomweyo. Ndi othandiza pa kachigawo kovuta kukagwira, koma akachuluka malo omatawo amayera ndipo amathyoka msanga. Ambiri amangowaza soda wophikira pa dontho pofuna kutseka dzenje, ndipo chimene chimapangika chimalimba kwambiri moti ndi bwino kuchipala nthawi yomweyo chisanapose pulasitiki yozungulira kulimba.

Pali ntchito zimene guluuyu sayenera kuyandikira, ndipo zimenezi zikukhudza cyanoacrylate wamba wa kampani iliyonse. Mawindo a mabogi amachita chifunga choyera chifukwa cha nthunzi yake, ndipo kawirikawiri chifungacho chimakhala m'kati mwa bogi momwe simungafikemo mutatseka denga. Pamenepo pamafunika guluu wouma moonekera ngati Micro Kristal Klear. Nyumba ndi masiteshoni a pulasitiki ya styrene zimagwirana bwino ndi mankhwala osungunula pulasitikiyo, monga Tamiya Extra Thin Cement, chifukwa zigawo ziwirizo zimasanduka chinthu chimodzi. Timiyala tapansi pa njanji timamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi. Tizitsulo togwirira ta m'mbali mwa injini zambiri ndi ta pulasitiki yoterera yotchedwa Delrin, imene guluuyu saigwira kwenikweni, ndipo thovu loyera la polystyrene lopangira mapiri amalidya n'kusiya dzenje. Tiyeneranso kukumbukira kuti akauma amakhala wosapindika, kotero bogi likagwa patebulo kachigawo komatidwako kamatha kuthothoka.

Ndalama zambiri zimatayika posunga. Mabotolo a Zap alipo a kukula kosiyanasiyana, ndipo lalikulu limaoneka lotchipa mukawerengera pa galamu, koma womanga timasitima amagwiritsa ntchito madontho owerengeka pa sabata, moti guluu wambiri amaumira m'botolo. La magalamu 14 ndi lokwanira. Botolo losatsegula limakhalitsa mufiriji, koma politulutsa lisiyidwe kaye lifunde lisanatsegulidwe, apo ayi chinyezi chimakhala m'kati n'kuyamba kuumitsa guluuyo. Lotsegula kale likhale choimirira m'botolo lagalasi lotseka bwino limodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene mpweya uli ndi chinyezi chambiri, ndipo Zip Kicker asungidwe patali chifukwa nthunzi yake yokha imatha kuwononga guluuyo. Mukamaliza ntchito, gogodani botolo patebulo kuti guluu wa m'kamlomo abwerere pansi, ndipo pukutani kamlomoko ndi pepala, osati thonje, chifukwa guluuyu akakumana ndi thonje amatentha mpaka kuwotcha khungu.

Zala zikamatirirana musazikoke. Ziviikeni m'madzi ofunda a sopo kapena pakani acetone, amene amapezeka m'mankhwala ena ochotsera penti wa zikhadabo, koma acetone ameneyu asakhudze bogi chifukwa amasungunula styrene ndi penti yemwe. Guluu akayamba kutuluka ngati ulusi ndi kuchedwa kuuma, nthawi yake yatha, ndipo ndi bwino kugula botolo lina laling'ono kusiyana ndi kumatira naye injini ya mtengo wapatali.