Mbiya zakuda bii za ku San Ildefonso

Abale kumudziko, mumafunsa kuti ku New Mexico kuno ku America timaona chani kupatula chipululu. Kumpoto kwa Santa Fe kuli midzi ya eni nthaka, ma Pueblo, ndiye pa San Ildefonso ndi Santa Clara amaumba mbiya zakuda bii koma zonyezimira mpaka kudzionera nkhope. Alibe makina ayi, amaumba pamanja ngati agogo athu, kusanjikiza dongo pang'onopang'ono, kungoti iwowa amasakaniza ndi phulusa la volcano, phiri lophulika moto.

Kuwalako sikuti ndi penti. Amapaka dongo lofiira lamadzimadzi nkuyamba kukhutiza ndi kamwala kosalala mpaka dzanja kuwawa, ndipo timiyalato ena ndi tosiyiridwa ndi amayi awo, sabwereketsa wamba. Powotcha mpamene ndinagoma. Moto ukakolera bwino amaukwirira ndi ndowe zouma za hatchi zoperapera, mpweya osalowanso, utsi nkumangozungulira mkatimo, mbiya ija inali yofiira ituluke yakuda. Akapanda kukwirira imatuluka yofiira basi, dongo lake lomwelo.

Dzina lomwe aliyense amatchula ndi Maria Martinez, anabadwa 1887 nkumwalira 1980. Mu 1908 katswiri wofukula zakale Edgar Lee Hewett anali kukumba pafupi ndi kwawoko, amuna awo a Julian ankagwira nawo ganyu kumeneko, mpamene banjali linayamba kuyesayesa zoumba za makolo. Cha mma 1919 anatulukira zojambula chakuda pa chakuda, mayi kuumba ndi kusalaza, bambo kujambula nthenga kapena njoka yam'madzi ija amati avanyu, pojambulapo pamakhala posawala pomwe kwinako kuli phuliphuli. A Julian atamwalira mu 1943 anapitiriza ndi mpongozi wawo Santana kenako mwana wawo Popovi Da. Ku Santa Clara kunali Margaret Tafoya, iwo zawo zinali zikuluzikulu zodinda phazi la chimbalangondo.

Chomwe chinandikhudza ine nchakuti pansi pa mbiya woumba amalembapo dzina lake, ndipo ogula amayamba atembenuza kaye kuona dzinalo asanafunse mtengo. Za a Maria pano ndi madola masauzande, kakang'ono ka woumba wa lero kokwana m'manja mumva mahandiredi, makamaka pa Indian Market, msika wa zaluso za eni nthaka wa mu Ogasiti ku Santa Fe. Ndiye musati nditumize yophikira nyemba, izi saphikira, olo madzi sathiramo chifukwa zimaonongeka, amangoika pa shelefu.