Corolla NZE121 patatha miyezi isanu ndi inayi chikonzereni kutsogolo

Galimoto yake ndi Toyota Corolla NZE121 ya injini ya 1NZ-FE, mtundu womwe unayamba kutuluka ku Japan mu 2000. Isanakonzedwe inkagogoda pamabampu, inkakokera kumanzere, ndipo matayala akutsogolo ankadyeka m'kati pamene kunja mizere idakali yakuya. Panalowa mashoko a KYB awiri, ma ball joint ndi ma tie rod end a mtundu wa 555, ma rack end (zonsezi ndi mfundo zolumikiza tayala ku wishbone ndi ku chiwongolero), ma stabilizer link (timikono tolumikiza chitsulo choletsa galimoto kupendekera), ndi mabushi otchipa opanda dzina lodziwika. Mabushiwa ndi mphira za pa wishbone, mkono wapansi womwe umagwiriziza tayala ku chimango. Alayimenti inabwera pomaliza. Chichokereni apo yayenda pa tala wa M1 ndi m'misewu yafumbi, dzinja lonse lili momwemo.

Mashoko sakudontha, ndipo mukakankhira pansi ngodya ya galimoto n'kusiya, imadzuka kamodzi n'kukhazikika. Ma ball joint ndi ma tie rod end akadali olimba, mphira zake sizinang'ambike. Zagonja ndi mabushi, makamaka yakumbuyo pa wishbone yakumanzere.

Kuti iyambe ndi yakumanzere n'zosadabwitsa. Kuno timayenda kumanzere, choncho tayala la mbali imeneyo ndi lomwe limagwera m'maenje a m'mphepete mwa tala podutsana ndi malole. Bushi ikang'ambika siyamba ndi phokoso lalikulu. Mumangomva kuti "gu" kamodzi mukaponda buleki kapena ponyamuka, chifukwa wishbone ikusuntha kutsogolo ndi kumbuyo. Kusuntha komweko kumasintha toe, kutanthauza mmene matayala akulozera m'kati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba, galimoto ikuyenda, ndipo manambala abwino aja omwe makina a alayimenti anaonetsa galimoto itaima amakhala opanda ntchito.

Masamu ake ndi osavuta. Tayala la 175/70R14 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 600. Toe yakutsogolo pa galimotoyi imayenera kukhala pa ziro, ndipo isapitirire mamilimita 2 kuloza m'kati kapena kunja, kuwerengera matayala onse awiri pamodzi. Ikafika pa mamilimita 3, tayala lililonse limakwekwerezedwa cham'mbali pafupifupi mamita 2.5 pa kilomita imodzi. Pitirizani chikhatho pamwamba pa tayala kuchokera m'kati kupita kunja, n'kubwereranso. Ngati kwina kukutereka koma kwina mizere ikukukandani ngati mano a sowo, vuto ndi toe. Kudyeka kosalala kwa mbali imodzi kumaloza ku camber, komwe ndi kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana kutsogolo, ndipo kudyeka kwa zigambazigamba mozungulira tayala nthawi zambiri ndi mashoko otha. Pa Corolla iyi tayala lakumanzere layamba kukanda m'kati, lakumanja lili bwinobwino.

Kufufuza kwake kumayamba ndi mpweya: mupope matayala mofanana, monga zalembedwera pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala. Mukatero muikweze pa jeke, muikhazike pa sitandi, osati pa njerwa. Gwirani tayala kumanzere ndi kumanja n'kuligwedeza. Likamasewera, ndi tie rod end kapena rack end, ndipo kuti musiyanitse, mnzanu agwedeze inu mutagwira mphira ya rack, chitsulo chopingasa chomwe chiwongolero chimakankhira matayala. Rack end yotha imagogoda m'dzanja mwanu. Gwiraninso pamwamba ndi pansi. Kusewera kwa apa ndi ball joint kapena bering'i, ndiye wina aponde buleki: kukasiya, ndi bering'i. Mabushi sagwidwa ndi njira imeneyi, n'chifukwa chake ambiri amawaphonya. Pamafunika chitsulo chochotsera tayala pa rimu, mulowetse pakati pa wishbone ndi chimango n'kukanikiza, tochi ili m'manja. Mphira yabwino imapindika pang'ono n'kubwerera. Yomwe ili pa galimotoyi ikutsegula mng'alu wolowa nsonga ya sikuludiraiva, ndipo yayamba kulekana ndi chitsulo chake chapakati.

Si nthawi zonse pamene mtengo wotsika ndiwo umapha bushi. Yakumbuyo ija ili ndi mipata m'mphira mwake, ndipo poilowetsa ndi puresi mipatayo iyenera kuloza komwe yakale inkaloza, choncho ikani chizindikiro pa wishbone musanatulutse yakale. Kuikhoma ndi hamala kumaipweteka isanayambe n'komwe ntchito. Yakutsogolo, ya bawuti yogona, imamangidwa komaliza galimoto itatsika n'kukhala pa matayala ake. Mukaimanga tayala likulendewera, mphira imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo sichedwa kung'ambika. Apa mipata ikuloza koyenera ndipo yakutsogolo ili bwino, ndiye mlandu watsalira mphira yeniyeniyo.

Nkhani yokokera kumanzere ija muisamale. Msewu umapendekeka kuti madzi azitsika, ndiye galimoto yabwinobwino imatsetserekera pang'ono kumanzere mukasiya chiwongolero. Ikamakoka mwamphamvu, sinthanitsani matayala awiri akutsogolo musanagule chilichonse. Ikatembenuka n'kumakokera kumanja, vuto ndi tayala. Toe payokha kawirikawiri sikoka, imangokhotetsa chiwongolero ndi kudya matayala. Komanso pa NZE121 chosinthika mosavuta ndi toe basi; camber imakonzedwa posintha mabawuti omanga shoko ku knuckle, chitsulo chomwe chimanyamula bering'i ya tayala, ndipo ikalakwika kwambiri mbali imodzi, yang'anani ngati shoko kapena wishbone sinapindike.

Stabilizer link imodzi yayamba kulira pa msewu wa malata. Imakwiyitsa, koma sikhudza alayimenti, ndipo ndi ya manati awiri okha.

Ndalama za mashoko ndi ma joint sizinapite pachabe. Za mabushi zapita, ndipo zatenganso theka la moyo wa tayala limodzi pamodzi ndi alayimenti yoyamba. Chotsatira ndi kusintha mabushi akumbuyo a pa wishbone mbali zonse ziwiri, kapena wishbone yathunthu ngati puresi palibe, kumanga manati a matayala pa 103 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), kubwereza alayimenti tsiku lomwelo, ndi kupititsa tayala lodyekalo kumbuyo ngati mizere yake ikadali yakuya kuposa mamilimita 1.6.