Shelefu ya Calvin ndi Augustine pa kasitolo ka mabuku akale ku Mzuzu

Kasitolo aka kali m'kanjira kotsikira kumsika waukulu, ndipo khomo lake ndi lopapatiza moti anthu awiri sangadutsane. Mabuku ambiri ndi a sekondale, koma kumbuyo kuli mashelefu awiri a mbiri ya mpingo ndi maganizo a akatswiri akale. Amenewa ndiwo amakokera kuno ophunzira zaumulungu a ku Mzuni ndi ku Ekwendeni.

Wochuluka pano ndi John Calvin, ndipo n'zosadabwitsa mumzinda womwe ndi likulu la Sinodi ya Livingstonia. John Knox, mtsogoleri wa mpingo wa Chipresibiteriyani ku Scotland, anakhalako ku Geneva, mzinda umene Calvin ankaphunzitsa, m'masiku a Calvinyo asanabwerere kwawo ku Scotland mu 1559, ndipo amishoni amene anafika kunyanja mu 1875 anachokera ku Scotland komweko. Koma musagule buku la Calvin la Institutes pongoona dzina pachikuto. Loyamba la mu 1536 linali ndi mitu 6 yokha, pomwe lomaliza la mu 1559 lili ndi zigawo zinayi ndi mitu 80. Angapo mwa amene ali pano ndi ofupikitsidwa, ndiye tsegulani tsamba la zam'katimu muwerenge mituyo.

Institutes yomasuliridwa m'Chingelezi ndi Battles, ya mu 1960, ili m'mavoliyumu awiri, ndipo m'makatoni a kunja kawirikawiri mumabwera imodzi yokha. Voliyumu yoyamba imathera pa gawo lachitatu, mutu 19. Nkhani ya pemphero, ya kusankhidwiratu, ya mpingo ndi masakramenti, pamodzi ndi indekisi, zonse zili m'yachiwiri. Wolemba asainimenti ya kusankhidwiratu akatenga yoyamba yokha wataya ndalama. Lomasuliridwa ndi Beveridge, la mu 1845, limapezeka lathunthu m'buku limodzi, kungoti Chingelezi chake ndi chakale ndipo zilembo ndi zing'onozing'ono.

Augustine aliponso, ndipo ndi wa ku Africa kuno, wobadwira ku Thagaste m'dziko lomwe lero ndi Algeria mu 354. Buku lake la Confessions lathunthu lili ndi mabuku 13 m'kati mwake. Timabuku tina ta m'thumba timalekezera pa la 10, ndiye mumaphonya la 11, momwe amasinkhasinkha kuti nthawi n'chiyani. Kwa ine apo ndi pamene pali mnofu wa buku lonse.

Chokhumudwitsa n'chakuti shelefuyi inapendekera mbali imodzi. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, amangotulukira m'timagawo tosankhidwa m'mabuku a ena. Akatswiri a filosofi David Hume ndi Immanuel Kant kulibiretu. Izi zimandiwawa, chifukwa Hume ndi wa ku Edinburgh ku Scotland, dziko lomwelo la amishoni athu, ndipo mbusa wa mawa ayenera kudziwerengera yekha zimene Hume anatsutsa pa nkhani ya zozizwitsa, osangozimva kwa omutsutsa.

Chinyezi cha Mzuzu nacho sichikhululukira pepala. Mashelefuwa anagunda khoma, choncho mabuku a m'munsi ali ndi timadontho tofiirira ndi fungo la nkhungu. Tsegulani buku pakati penipeni: guluu akalira kapena tsamba likasomphoka, msana wake watha. Yang'ananinso m'mphepete ngati chiswe chinaboolamo. Ena ndi ofotokopa, ndipo makina anadula m'mbali momwe muli manambala a ndime, amene mphunzitsi amafuna muwatchule. Lotere lisiyeni, ngakhale mtengo utsike.

Bambo ogulitsa amadziwa katundu wawo, ndipo sakwiya mukaima nthawi yaitali mukuwerenga. Mukawauza buku limene mukufuna, amalemba dzina ndi nambala yanu m'kope n'kukuimbirani katoni yatsopano ikafika. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mukatenga mabuku awiri kapena atatu mtengo mumakambirana. Koma buku likatuluka pakhomo silibwezedwa, ndiye mitu ija muiwerengere momwemo musanalipire.