Laputopu ya kaunjika pa Remote Desktop: patatha miyezi 8

Mnzathu wa ku Moatize wafunsa ngati angagule laputopu ngati yathuyi, ndiye ndati ndilembe zonse. Ndi ya kaunjika, yochokera ku South Africa, ndipo timaigwiritsa ntchito ku Ulongwe polowa pa seva (kompyuta yaikulu) ya maakaunti imene ili ku Tete, kudzera pa Remote Desktop, pulogalamu yogwiritsira ntchito kompyuta ina muli kutali. Batire lilibe vuto, sikirini ndi yowala bwino.

Chotisautsa ndi kiyibodi. Mabatani ake ndi a US, pomwe makompyuta a ku ofesi ndi a Chipwitikizi. Remote Desktop situmiza chilembo, imatumiza nambala ya batani, ndipo seva ndiyo imasankha chilembo. Mukatseka zenera ndi X ku ofesi osatuluka mu akaunti, n'kulowanso ndi laputopu, seva imapitiriza ndi Chipwitikizi. Batani lotsatira L limalemba ç, Shift ndi 2 zimatulutsa " m'malo mwa @. Pasiwedi yokhala ndi @ imakanidwa, munthu n'kumaganiza kuti waiwala.

Poyamba tulukani mu akaunti kwathunthu, mulowenso. Mankhwala okhalitsa ali pa seva: tsegulani regedit (pulogalamu yosinthira makonzedwe a m'kati mwa Windows), pitani ku HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\Keyboard Layout, pangani DWORD (malo olembapo nambala) yotchedwa IgnoreRemoteKeyboardLayout, ikani 1, muyambitsenso seva. Samalani, pafupi pomwepo pali Keyboard Layouts ya s kumapeto, si imeneyo. Mukaika 1 uja, seva imasiya kutsatira kiyibodi ya makina amene akulowa. Pa akaunti iliyonse siyani Chipwitikizi cha ku Portugal chokha, nambala yake 00000816, osati cha ku Brazil, 00000416, chifukwa zizindikiro zake zili pena. Kenako lumikizani kiyibodi ya USB ya Chipwitikizi kuti zolembedwa pa mabatani zigwirizane ndi zotuluka. Pamenepo @ ali pa AltGr (batani la Alt la kumanja) ndi 2. Chilembo ŵ palibe pa makiyibodi onsewa. Mu Word lembani 0175, dinani Alt ndi X.

Masiku amene zonse zikuyenda, makinawa ndimawayamikira, ndi olimba ndithu. Koma wogulitsa sanatchule za kiyibodi, ndipo titadandaula anati ndi vairasi, anaikanso Windows, n'kulipiritsa. Vuto linabwerera tsiku lomwelo, poti silinali mu laputopu. Ndalamazo sanabweze. Achimwene, ngati mukugula, muuzeni wogulitsayo achotse mtengo wa kiyibodi ya USB musanapereke metikali ndi imodzi yomwe.